Pakhonde pa Azakhali: Lupanga pa kabaza

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Mgona ndipo ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Kanengo ndi Nsungwi. Mwezi wathawu anyamata atatu ananditchingira usiku n'kundilanda foni ndi ndalama zonse za tsikulo. Chichokereni pamenepo sindisiyana ndi mpeni wa okapi m'thumba. Pano mnzanga wina wochokera ku Joni akufuna kundigulitsa lupanga lenileni, lonyezimira, la m'chimake. Ndinaona pa Facebook kuti ku America anthu amayenda nalo mumsewu apolisi osawafunsa kanthu. Koma chibwenzi changa chikuti ndikangoligula, za ukwati ndiiwale. Kodi malamulo athu amaletsa? Nanga mwamuna azingoberedwa ali phee?

Wolusa, Mgona

Wolusa mwana wa achimwene anga,

Pepa kaye ndi za foniyo. Thukuta la tsiku lathunthu kudyedwa ndi anthu osadziwa n'komwe mtengo wa petulo, zimawawa. Koma za lupangazi, mwana iwe, wandiseketsa. Ulimangirira pati? M'chiuno? Nanga pasenjala akhala pati? Tayerekeza mayi wochokera kumsika wa Nsungwi ndi dengu lake la tomato, aone wakabaza chitsulo chili lende mpaka kusipoko. Akwera? Athawa n'kusiya patapata pomwepo, iwe n'kuweruka wopanda ndi ya ndiwo yomwe.

Zimene unaona pa Facebook si bodza. Ku Texas, m'dziko la America, anasintha lamulo mu 2017 ndipo munthu wamkulu atha kuyenda ndi lupanga m'malo ambiri. Koma Mgona sali ku Texas, ndipo wapolisi wa ku Kanengo malamulo sawerengera pa Facebook. Kuno kwathu malamulo a milandu, a Penal Code aja, amaletsa kuyenda pagulu ndi chida choopsa popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Mawu oti chifukwa chomveka uwagwiritse. Wabutchala ali ndi zikwanje zake, wakanyenya ali ndi mpeni wake pachiwaya, waganyu yotchetcha amayenda ndi chikwakwa paphewa dzuwa likuswa mtengo, palibe amawafunsa poti chitsulo ndi ntchito zikuyendera limodzi. Nanga iwe pakati pa usiku, lupanga m'chiuno, ukauza bwana wapolisi kuti ukupita kukasenda mango?

Alipo ovomerezeka kugwira lupanga m'dziko muno, koma udzifunse ngati uli m'gulu lawo. Akuluakulu a asilikali amaligwira pa perete, atatchena yunifolomu. Mtsogoleri wa dziko amapatsidwa lupanga la ulamuliro akamalowa m'boma, monga analandirira a Lazarus Chakwera ku Kamuzu Barracks pa 6 July 2020, koma sunamvepo kuti anapita nalo kokagula kaunjika ku Tsoka. Angoni a kwa Gomani amanyamula mikondo, zibonga ndi zishango pa Umhlangano ku Ntcheu, ngoma ikatha zonse zimabwerera kutsindwi. Iwe perete wako ali kuti? Ngoma yako ukavinira pa siteji ya kabaza?

Okapi amene ukumunyadirayo ndikumudziwa bwino. Anayamba kupangidwa ku Germany, kenako fakitale inasamukira ku South Africa, ndipo agogo ako a ku Wenela ndi ku Theba ankabwera naye pamodzi ndi jekete ndi wailesi. Ankadulira nzimbe, kusendera mbuzi pa chinkhoswe, kusalazira mpini wa khasu. Unali mpeni wa munthu wodekha. Wako uja sunautenge kuti udye nzimbe, wautenga uli ndi mkwiyo, ndipo ukungodikira woti akuponde chala.

Tiye tiwerenge bwinobwino. Anakutchingira anali atatu. Iwe manja onse ali pahandulo. Pamene uziti upise m'thumba, wina wakugwira kale pakhosi, mpeni wako womwewo n'kukhala wawo. Tsiku lija unapita kunyumba wopanda foni koma ndi matumbo ako onse. Ukanatulutsa chitsulo, mwina tikanakupeza ku Kamuzu Central, mwinanso tikanakhala tikunenerera mitengo kwa akalipentala a mabokosi ku Mchesi.

Tinene kuti wapambana ndiwe, wabaya munthu. Kudziteteza malamulo amalola, koma khoti limayeza ngati mphamvu unagwiritsayo inali yolingana ndi choopsacho. Likapeza kuti unapyola muyeso, mlandu wovulaza munthu modetsa nkhawa umafika zaka 14 m'ndende, ndipo akafa ndiye nkhani ina. Komanso dziwa kuti amene amabayidwa ndi mipeni ya m'thumba kawirikawiri si ambanda ayi. Ndi pasenjala wokanganirana naye chenji, mnzako wolimbirana naye kasitomala, kapena wina amene anayang'anitsitsa chibwenzi chako pamowa. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu: iwe uli ku Maula, ine ndi mawondo angawa ndiyambe kukwera minibasi ndi kontena ya nsima Lamlungu lililonse? Undikhululukire.

Palinso china. Mzinda uno zitsulo zakuthwa watopa nazo. Pa 26 June 2025 anthu onyamula zikwanje anavulaza a Sylvester Namiwa, omenyera ufulu wa anthu, pabwalo la Lilongwe Community Centre masanasana pa nthawi ya zionetsero, chonsecho gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limati anthu azisonkhana mwamtendere, opanda zida. M'makwalala a ku Kawale, Biwi ndi Area 23 aliyense ali ndi nkhani ya wachibale kapena mnansi amene anakhapidwapo. Ndiye anthu otopa chonchi akuone usiku ndi lupanga, wina angokuwa kuti "wakuba!" Ukuganiza kuti akupatsa mpata wofotokoza za ku Texas? Kulanga munthu pagulu ndi mlandu, inde, koma mlanduwo umadzazengedwa iwe tili titakuika kale.

Chita izi. Kanene za foniyo kupolisi, usanyozere. Ndalama zikachulukako uziponye mu Mpamba kapena Airtel Money dzuwa lisanalowe. Usiku muziyenda awiriawiri ndi anzako a pa siteji, ndipo pasenjala wokulozera kumdima kumene sukudziwa umukane, ngakhale atatchula mtengo wokoma. Gula wezulo ndi tochi, ulowe nawo gulu la chitetezo cha m'dera lanu limene limagwira ntchito ndi apolisi. Pansi pa mpando pazikhala sipanala ndi pulaya, okapi akakhale kukhitchini azidula anyezi.

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, koma nyanga iyi sindikusemera, chifukwa ikamafota ifotera tonse. Mtsikanayo ali ndi mutu, ndipo atsikana a mutu akusowa. Ndalama ya lupangayo kagule nkhuku, utume ankhoswe.

Azakhali

Zikomo Azakhali,

Amuna anga amagona ndi chikwanje kunsi kwa bedi, ati n'cha akuba. Koma masiku ano tikangosemphana mawu amachitulutsa n'kuyamba kuchinola pakhomo, maso ali pa ine. Sanandikhapepo. Kodi ndikungodziopsa ndekha?

Mayi a awiri, Chinsapo

Mwana wanga,

Apa ndiye kuseka ndasiya. Wakuba wake ndi uti amene amabwera nthawi yokhayo imene mwakangana? Chikwanjecho chasiya kulondera nyumba, chayamba kulondera iwe. Mawu akuti "sanandikhapepo" asakugonetse tulo. Kuopseza kotere ndi nkhanza kale, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 silidikira kuti magazi ayambe atuluka. Khoti litha kupereka chiletso choti asakuopsezenso.

Uwauze ankhoswe a mbali zonse ziwiri lero lomwe, koma nkhani isathere pa "pirira, banja n'kupirira." Pita kupolisi, ufunse ofesi ya Victim Support Unit, ukafotokoze zonse monga wandifotokozera ine. Chikwanjecho usalimbane nawo kuchilanda wekha. Ukaona kuti zinthu zaipa, tenga ana ukagone kwa abale kapena kwa anansi, za mapoto ndi zovala tidzatenga bwino.

Ndipo inu abambo a ku Chinsapo, poti ndikudziwa kuti tsamba lino mumawerenga mobisa: ngati manja akuyabwa, mvula ikubwera, katcheteni kumunda. Mkazi munachita kukapempha kwa eni ake, ndipo eni akewo akadali moyo.

Azakhali