Kamfuti Kam'thumba la Jekete

Mlongo wanga amayenda motsimphina. Amene sadziwa amati ndi nyamakazi, ndipo iye sawatsutsa. Koma ife apabanja tikudziwa kuti m'ntchafu yake yakumanzere munadutsa chipolopolo, ndipo amene anakhethemula mfutiyo ndi mwana wake yemwe, ali ndi zaka 4. Ine ndine malume wa mwanayo. Ndinapempha makolo ake kuti andilole kufotokoza nkhaniyi osatchula mayina, chifukwa abale athu ena amene akhazikika ku Joni akulingalira zimene alamu anga analingalira, ndipo funso lawo ndi lomwelija: ndigule mfuti yaikulu kapena yaing'ono?

Alamu anga anapita ku South Africa ali mnyamata, ndipo patapita zaka anapeza mapepala okhalira m'dzikomo mpaka kalekale. Bizinesi yawo ndi yonyamula katundu wa Amalawi, monga mafiriji, njinga, malata ndi zikwama za zovala, kuchoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Ntchito imeneyi imayenda ndi ndalama zapamanja, ndipo achifwamba amadziwa zimenezo. Madzulo ena akutseka geti la pamalo osungira katundu, anyamata awiri anawagoneka chafufumimba, wina atawakanikiza mfuti kukhutu, n'kutenga ndalama zonse za ulendo pamodzi ndi foni. Sanawavulaze, koma kuchokera tsiku limenelo tulo tinawathawa. Galu akauwa panja ankadzambatuka. Atandiuza kuti akufuna kugula mfuti sindinawaweruze, poti munthu amene anamvapo kuzizira kwa chitsulo kukhutu sungamuuze kuti mantha ake ndi achabe.

Anatsata njira yoyenera. Lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act la m'chaka cha 2000, silimapereka mfuti mwachisawawa. Wopempha ayenera kukhala nzika kapena wokhala ndi mapepala okhazikika, wa zaka 21 kapena kuposerapo. Ayenera kuphunzira lamulolo ndi kagwiritsidwe ntchito ka mfuti, kenako n'kulandira kwa apolisi satifiketi yomuyenereza. Laisensi ya mfuti yodzitetezera ndi ya mfuti imodzi yokha, ndipo imatha pakapita zaka 5. Kunyumba payenera kukhala sefa yachitsulo yomangirira kukhoma kapena pansi. Poyenda nayo pagulu, pisitolo iyenera kukhala m'chimake kapena m'chikwama, yobisika yonse. Alamu anachita zonsezi, sefa n'kuimangirira mkati mwa wadiropu ya kuchipinda kwawo.

Tsiku lokasankha mfuti ndinali nditawayendera, choncho ndinawaperekeza. Wogulitsa, bambo waimvi wodekha polankhula, anayala pisitolo zitatu pathebulo, zonse za mtundu wa Glock wa ku Austria, zonse zowomba zipolopolo za 9mm. Yoyamba inali Glock 17, yotenga zipolopolo 17, imene ikadzaza imayandikira kilogalamu. Yachiwiri inali Glock 19, yofupikirapo, yotenga 15. Yachitatu inali Glock 43, yopyapyala, yotenga 6 zokha, yolemera pang'ono chabe kuposa theka la kilogalamu. Alamu atainyamula inangotsala pang'ono kubisika m'dzanja lawo lalikulu lija.

Bamboyo anafotokoza mosabisa. Anati yaikulu imadzaza m'manja, kulemera kwake kumameza mphamvu ya chipolopolo, ndipo wophunzira salephera kwambiri kulunjika nayo. Vuto lake n'lakuti imatukumula malaya ndipo imatopetsa m'chiuno, n'chifukwa chake ambiri amaisunga m'nyumba. Yaing'ono imabisika bwino, koma imamenya dzanja, chala chakanise chimasowa pogwira, ndipo kufupika kwake kumachititsa kuti dzanja likanjenjemera pang'ono chipolopolo chipite kutali ndi pamene walunjika. Anawalangiza kuti ayambe abwereka zonse zitatu kumalo ophunzirira kuwomba, ndipo anaonjeza kuti munthu woyamba kumene, wofuna mfuti imodzi yoyenda nayo ndi yotetezera nyumba, yapakati ija ingamuyenere.

Alamu anamva, koma maso anali pa kakang'ono kaja. Anakayeza m'chiuno, n'kugwetsa malaya, n'kudziyang'ana pagalasi. Kenako anatembenukira kwa ine akumwetulira.

"Alamu, mukuona chilichonse apa?"

"Sindikuona kanthu, alamu."

"Basi, ndi kameneka. Kopepuka ngati foni. Munthu ukhoza kuiwala kuti wanyamula."

Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero, chifukwa zinachitikadi monga ananenera.

Laisensi itatuluka patapita miyezi ingapo, anapita kukayeserera. Anabwerako chikhatho chikuwawa, ndipo pa pepala lolunjikapo mabowo anali apa ndi apo ngati mbewu zomwazidwa ndi nkhuku. Ulendo wachiwiri unali chimodzimodzi. Ulendo wachitatu sunachitike. Ankati zipolopolo n'zodula, nthawi palibe, ndiponso wachifwamba akangoona mfuti amathawa yekha. Zoona zake n'zakuti kamfutiko kankawapweteka powomba, ndipo chimene chimakupweteka suchikhumba kuchibwereza. Umu ndi momwe mfuti yovuta kwambiri kuwomba inakhalira m'manja mwa munthu amene sankayeserera n'komwe.

Chotsatira chinali chimake chija. Poyendetsa galimoto chinkawatswanya m'mimba, ponyamula katundu chinkawakhula. Tsiku lina anakatulutsa n'kukaponya m'thumba la jekete, ndipo kanakwanamo bwinobwino. Mfuti yaikulu ikanakana kulowa m'thumbamo, kapena ikanakoka jekete mbali imodzi n'kumawakumbutsa pa sitepe iliyonse. Kakang'onoka sikankadandaula. Anayamba kukasiya m'thumbamo chipolopolo chili kale m'mpope, poti ankati wachifwamba sakupatsa nthawi yokoka. Masiku oyamba ankati akangolowa m'nyumba amayamba kukatsekera m'sefa asanapereke ndi moni. Kenako zinakhala zoti ayambe amwa madzi. Kenako ayambe aonera nkhani pa TV. Mlongo wanga anawatsinapo khutu kangapo.

"Abambo, chinthu chanu chija mwatsekera?"

"Ndikatsekera pokagona, mayi. Anawa sakudziwa n'komwe kuti chilipo."

Ana sankadziwadi za mfuti. Chimene ankadziwa n'chakuti m'thumba la jekete la adadi mumatuluka masiwiti. Chinali chizolowezi cha alamu chiyambire kale: pobwera kuntchito ankagula masiwiti awiri kapena atatu, ana n'kumawathamangira pakhomo kudzapisa m'matumba.

Linali Loweruka masana. Alamu anafika atatopa ndi kupakira lole, anakoleka jekete pampando wa pabalaza, foni n'kulira. Anali kasitomala wokwiya amene firiji yake inafika ku Blantyre itakandika. Anatuluka panja kuti akalankhule naye bwino. Mlongo wanga anali kukhitchini, chitseko chili chotsegula, akuvundula nsima. Mwana wamkulu anali kwa anzake. Wamng'ono uja anakwera pampando, n'kupisa dzanja m'thumba kufuna siwiti.

Pisitolo za mtundu umenewu zilibe kachitsulo kapambali kozitsekera. Chitetezo chake chili pa chokhethemulira pomwepo, ndipo chimamasuka chala chikangokanikiza. Mphamvu yofunika ndi ya makilogalamu awiri kapena atatu basi. Mwana wa zaka 4 amanyamula chigubu cholemera kuposa pamenepo. Ndipo chogwirira chopyapyala chimene chinkasowa m'dzanja la bambo chinakwana bwino m'timanja tiwiri ta mwana.

Mlongo wanga akuti sanamve ululu poyamba. Anangomva ngati wina wamumenya ndi mtengo, miyendo n'kufooka, mthiko uli m'manja. Alamu polowa anapeza nsima ikupserera pamoto, mkazi wawo ali pansi magazi akuyenderera pa matailosi, mwana ataima chilili pafupi ndi mpando, atagwira makutu, pakamwa pali yasa koma kulira kosatuluka. Mnansi wina ndiye anamanga mwendowo ndi chitenje n'kuthamangira nawo kuchipatala. Madokotala anati chipolopolo chinaphwanya fupa koma chinalambalala mtsempha waukulu wa magazi. Chikanakhotera pang'ono, tikanabweretsa maliro kumudzi pa lole yomweyo yonyamula mafiriji.

Apolisi anatenga mfutiyo tsiku lomwelo. Lamulo lija limati mfuti ikhale pathupi pa mwini wake kapena m'sefa, ndipo kuisiya pena paliponse ndi mlandu. Alamu anayenda kukhoti kwa miyezi yambiri, ndalama za bizinesi zikuthera kwa maloya ndi kuchipatala, ndipo pamapeto pake anagamulidwa kuti sayenera kusunga mfuti. Koma chilango chenicheni chili m'nyumba. Mwana uja anakhala nthawi yaitali osalankhula bwino. Chitseko chikamenyeka amabisala. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amalume, ndine amene ndinawapweteka amami?" Ndinamuyankha kuti ayi, mwanawe, iwe unkangofuna siwiti. Koma madzi akatayika saoleka. Adzakula, adzamva nkhani yonse, ndipo adzaisenza.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu osaphunzira okha. Pa 30 December 2014, m'tauni ya Hayden ku Idaho m'dziko la United States, mayi wina wa zaka 29, wasayansi, wozolowera mfuti ndiponso wokhala ndi chilolezo choyenda nayo, anali kugula zinthu m'sitolo ya Walmart. Pisitolo yake inali m'chikwama chopangidwira ntchito yomweyo, m'kathumba kazipi. Mwana wake wa zaka 2, atakhala m'ngolo yogulira zinthu, anapisa m'chikwamamo, mfuti n'kulira, mayiyo n'kufera pomwepo. Mfuti yobisika kwa achifwamba sikhala yobisika kwa mwana, poti mwana amapisa pamene wachifwamba sangafike.

Wina anganene kuti ndiye bola yaikulu, yosungira m'nyumba. Nayo ili ndi zake. Chipolopolo cha 9mm n'chimodzimodzi kaya chatuluka mu yaikulu kapena mu yaing'ono, ndipo chimaboola chitseko, zenera ndi khoma lamatabwa osafunsa amene ali kuseri. Mu May 2004, pafupi ndi Nelspruit, Rudi Visagie, amene anaseweramo mu timu ya ragibe ya dziko la South Africa, anadzuka m'bandakucha n'kuona galimoto ya mwana wake ikutuluka pabwalo. Poganiza kuti ndi akuba, anawomba kudzera pazenera. Woyendetsa anali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo anamwalira. Pa 14 February 2013 ku Pretoria, katswiri wothamanga Oscar Pistorius anawomba kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp. Iye anati ankayesa wakuba, koma khoti la apilo mu 2015 linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Usiku, munthu wamantha wodzidzimuka kutulo amawombera mthunzi, ndipo mthunzi woyenda m'nyumba mwako kawirikawiri umakhala wa m'bale wako.

Alamu anga anataya masabata akuyeza mfuti ndi malaya awo. Sanaiyeze ndi nyumba yawo. Mafunso amene anafunika kufunsa anali ena. Kodi mfuti imeneyi ndingaiwombe molunjika, ndipo ndili ndi nthawi ndi ndalama zoyeserera mwezi ndi mwezi? Kodi ndingapirire chimake cholimba, chophimba chokhethemulira chonse, tsiku lathunthu osachivula? Kodi ndikalowa m'nyumba nditatopa, foni ikulira, miyendo yanga idzayamba yapita kusefa tsiku lililonse kwa zaka zonse? Kodi m'nyumba muno muli mwana, kapena munthu wakumwa, wamkwiyo, kapena wosweka mtima amene angaipeze pa tsiku loipa? Kodi mkazi wanga wavomera? Funso limodzi lokha likayankhidwa kuti ayi, palibe saizi yoyenera, ndipo ndalamazo zikagwire ntchito pa geti lolimba, magetsi apanja, alamu yolira, galu, ndi kulandira malipiro kudzera kubanki m'malo moyenda ndi mpukutu m'thumba. Zimenezi n'zomwe alamu anga akuchita lero, ndipo bizinesi ikuyenda.

Inu amene mwatsimikiza mtima kugula, mverani wokuphunzitsani, yesani mfuti zingapo musanalipire, ndipo musakopeke ndi yaing'onoting'ono chifukwa choti n'njopepuka. Sankhani imene mukutha kuigwira ndi zala zonse ndi kulunjika nayo. Ikhale m'malo awiri okha, m'chimake pathupi panu kapena m'sefa yokhoma, kiyi ali kwa inu. M'thumba la jekete, pansi pa pilo, pamwamba pa wadiropu ndi m'galimoto si malo ake, ngakhale kwa mphindi ziwiri zoyankha foni. Ndipo musawombe chimene simunachione ndi maso.

Sabata yatha mlongo wanga anandiperekeza kokwerera basi, akukoka mwendo pang'onopang'ono, mwana uja atamugwira dzanja. Anandiuza kuti, "Achimwene, mukalembe zonse, musabise kanthu." Ndalemba. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ngati muli ndi mfuti ndipo simukudziwa bwino pamene ili panopa, siyani kuwerenga, pitani mukaitsekere.