Kodi kaiti ingatiyatsire magetsi?

Ndili mwana kuno ku Guilleme, mphepo ya mwera ikayamba tinkapanga makaiti a majumbo ndi timitengo ta nsungwi. Kaiti ikakhala m'munsi inkangogwedera, koma ikapitirira mitengo ya bulugama, ulusi unkakoka mpaka kucheka chala. Mphamvu imeneyi inkachokera kuti?

Pafupi ndi nthaka, mitengo, nyumba ndi mapiri zimatchinga mphepo. Kumwamba kulibe zotchinga, ndiye mphepo imathamanga kwambiri ndipo siidukizadukiza. Tsono gwirani lamulo ili la fizikisi: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza ka 8, chifukwa 2 × 2 × 2 = 8.

N'chifukwa chake William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, anakweza makina ake amphepo pa nsanja ya mitengo. Koma nsanja ili ndi polekezera. Mu 1980, injiniya wa ku America, Miles Loyd, anasonyeza ndi masamu kuti kaiti youluka modutsa mphepo ingathe kupanga magetsi ambiri.

Zimayenda chonchi. Kaiti yaikulu imakwera mamita mazana angapo, kompyuta n'kumaiwongolera kuti iziuluka ngati ikulemba nambala 8. Ikamakoka, chingwe chimamasuka pa mgolo umene uli pansi, mgolowo n'kumazungulitsa jenereta. Chingwe chikafika kumapeto, kompyuta imapendeketsa kaiti kuti isakoke mwamphamvu, kenako mota imakulunganso chingwecho. Magetsi okulungira ndi ochepa kuposa amene apangidwa. Otsalawo ndiye phindu lathu.

Kampani ya ku Germany, SkySails, inaika makina oterewa ku Mauritius. Komabe si zophweka ayi. Kampani ya Makani, imene inali ya eni ake a Google, inatsekedwa mu 2020. Chingwe chimaperepeseka, mphenzi imaopseza, ndiponso kumwambako kumadutsa ndege.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, ambiri tinawerengera kandulo kwa miyezi. Dziko lodalira gwero limodzi silichedwa kugona mumdima.

Ntchito yanu nayi, anzanga. Pangani kaiti, mumangirire ulusi wake ku sikelo ya sipuling'i ya mu labu, muyeze kakokedwe kake ili m'munsi komanso ili m'mwamba. Chonde muulutsire kutali ndi mawaya a magetsi. Funso la kunyumba: liwiro la mphepo likawirikiza katatu, mphamvu iwirikiza kangati?