Phunziro la Zaumoyo: Mukufuna Kukhala Namwino? Yambani Mwafufuza Sukulu Yake

Inu anyamata ndi atsikana amene mukumaliza kalasi ya 12, mwezi uno tikambirana za njira yofikira pa ntchito ya unamwino, imene ambiri timangoitchula kuti enfermagem.

Boma limaphunzitsa anamwino m'masukulu otchedwa Instituto de Ciências de Saúde, amene ali m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, MISAU. Ife a chigawo chino tili nayo yathu mumzinda wa Tete, ndipo ina ili ku Beira, Quelimane, Nampula ndi Maputo. Polowera pake ndi pa mayeso, ndipo ofuna malo amachuluka kuposa malowo. Choncho musadikire chilengezo, chija amati edital, kuti muyambe kuwerenga. Limbikirani Biologia, Química ndi Chipwitikizi kuyambira lero, ndipo BI ndi satifiketi yanu zikhale pafupi.

Njira zodziwika ndi ziwiri. Wa Enfermagem Geral amasamalira odwala a mtundu uliwonse: kubaya jakisoni, kutsuka zilonda, kupereka mankhwala pa nthawi yake, kuchezera usiku m'chipinda cha odwala. Wa Saúde Materno-Infantil, kapena SMI, ndi uja mumamupeza kusikelo. Amayeza amayi oyembekezera, amabereketsa, amaona kakulidwe ka ana ndi kulangiza za kulera. Pa chipatala chaching'ono chakumudzi, pamene dokotala palibe, mayi akayamba kutaya magazi pakati pa usiku, woyamba kuganiza chochita ndi iyeyo. Ngati mumachita chizungulire mukaona magazi, dziyeseni bwino musanalembetse.

Tsopano apa mumvetsetse, inu ndi makolo anu omwe. Masukulu a anthu wamba ophunzitsa zaumoyo achuluka m'matauni. Ena ndi abwino ndithu, koma si onse ali ndi chilolezo cha kosi iliyonse imene amalengeza. Bambo asanagulitse ng'ombe kapena mbatata za kachewere za chaka chonse, pitani nokha ku sukuluyo. Pemphani kuona chikalata chosonyeza kuti kosiyo ndi yovomerezedwa ndi ANEP, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso. Funsaninso kuti ophunzira awo amakachita estágio ku chipatala chiti, ndipo amamuyang'anira ndani wophunzirayo akaima pa bedi la wodwala. Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, bwererani ndi ndalama zanu. Chifukwa chake nachi: mu 2016 lamulo lidakhazikitsa Ordem dos Enfermeiros de Moçambique, ndipo namwino ayenera kulembedwa m'kaundula wa bungweli kuti agwire ntchito. Pepala la sukulu yosadziwika likhoza kukuimitsani pakhomo pomwepo, ndalama zitapita kale.

Dziwaninso kuti dipuloma si kalata ya ntchito. Ntchito za boma zimatuluka pa mpikisano, concurso, ndipo ena amadikira nthawi yaitali asanaitanidwe. Mukaitanidwa, simusankha nokha kopita. Wa ku Ulónguè akhoza kutumizidwa ku Zumbo kapena ku Mutarara. Ofuna kupitiriza mpaka digiri angathe kutero pambuyo pake m'masukulu aukachenjede monga ISCISA ku Maputo.

M'kalasi zonse zidzakhala m'Chipwitikizi, koma agogo obwera ndi mwana wotentha thupi adzakufotokozerani m'Chinyanja. Yambani tsopano kulemba m'kope mayina a ziwalo za thupi ndi a matenda m'zinenero ziwirizi, mbali iyi Chipwitikizi, mbali inayo chathu.