Phunziro la mwezi uno: Tikaitana opopera mankhwala m'nyumba

Amayi anzanga, nsikidzi zikalowa m'nyumba tulo timatha, ndipo ambirife timachita manyazi kuuzako mnzathu. Manyazi amenewa ndi amene amatichititsa kuitana mwamseri aliyense wodutsa ndi chopopera kumsana, osamufunsa kanthu.

M'Malawi muno muli lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo bungwe loyang'anira ndi la Pesticides Control Board. Wopopera m'nyumba za anthu kuti alipidwe amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungweli. Kupempha kuti achionetse si mwano. Onaninso mankhwalawo akadali m'botolo lake lolembedwa dzina, ndipo dzinalo mulikopere papepala. Obwera m'botolo la zakumwa muwakane.

Apa ndipo timvetsetse. Alipo ena amene amabwera ndi mapiritsi otuwa aja otetezera chimanga kwa anankafumbwe, nati tiwaike pansi pa bedi, titseke zitseko, nsikidzi ndi makoswe zithera pomwepo. Mapiritsi amenewa ndi aluminium phosphide. Akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine, umene nthawi zina umanunkha ngati adyo kapena nsomba yoola. Mpweyawu suima pakhomo. Umadutsa m'ming'alu ndi pamwamba pa khoma losafika kudenga, kotero m'nyumba za lendi zogundizana umakapeza mwana wa aneba ali mtulo. Palibe mankhwala othetsa poizoni wake, madokotala amangothandiza thupi kuti lilimbe. Wodziwa ntchito yake sangaike mapiritsiwa m'nyumba yogona anthu. Ngakhale matumba a chimanga oikidwa mapiritsiwa asasungidwe m'nyumba imene tikugonamo.

Tsiku lopopera likafika, tulutsani ufa, ndiwo, madzi akumwa, mbale, mapoto ndi zoseweretsa za ana. Ana, amayi oyembekezera, okalamba, odwala mphumu, nkhuku ndi amphaka akhale kutali. Musanapereke ndalama funsani kuti mulowenso nthawi yanji. Pa mankhwala ambiri opopera m'makoma pamafunika maola osachepera awiri, kenaka kutsegula mawindo ndi zitseko kuti mphepo ipite anthu asanalowe. Mphemvu zakufa muzisese n'kukataya m'chimbudzi chokumba, chifukwa nkhuku zikatola zimafa nazo.

Za nsikidzi, musadabwe kuziwonanso. Mazira ake kawirikawiri safa ndi mankhwala, ndipo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10. N'chifukwa chake wopopera woona mtima amanena yekha kuti adzabweranso pakatha masabata awiri. Mugwirizane pachiyambi ngati ulendo wachiwiriwo uli kale pamtengo umene wakuuzani. Wolonjeza kuti zithera tsiku limodzi, ine ndimamukayikira: mwina sakudziwa, mwina akufuna kuthira mankhwala amphamvu mopyola muyeso. Mbali yathu ndi kuchapa zofunda m'madzi otentha kwambiri ndi kumata ming'alu ya m'makoma momwe zimabisala.

Wina akayamba kumva mutu, chizungulire, kusanza, kutuluka malovu ambiri kapena kubanika, mutulutseni panja, muvuleni zovala zokhudzidwa ndi mankhwala, musambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa monga tinazolowera. Pepala lija munalembapo dzina la mankhwala mulitenge, adokotala akalifuna.