Kupima Mtembo—Kodi Banja Lingasankhe Motani?

KWA zaka zambiri, amuna ochokera ku Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique anakumba golidi ku Kwekwe, chrome ku Shurugwi, ndi asbestos ku Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Mbadwa zawo zambiri zidakali komweko. Pamene wogwira ntchito mumgodi amwalira atatsokomola kwanthaŵi yaitali, dokotala angapemphe chilolezo cha kupima mtembo. Kodi mkazi wamasiye ndi abale ayenera kuvomera?

2 Nthaŵi zina palibe chosankha. Ngati munthu wafa pangozi ya mumgodi kapena imfa yake ikukayikitsa, boma lingalamule kuti mtembo upimidwe, ndipo Akristu amagonjera. Komabe, pa imfa ya matenda, kaŵirikaŵiri banja ndilo limasankha.

3 Ena amakana poganiza kuti kutumbula thupi ndiko kunyoza wakufayo. Nzoona kuti mtembo uyenera kulemekezedwa. Koma Baibulo limasimba kuti Yosefe analamula asing'anga a ku Igupto kukonza thupi la atate wake Yakobo ndi mankhwala, ntchito imene inatenga masiku 40. (Genesis 50:2, 3) Kaŵirikaŵiri Aigupto pochita zimenezi ankachotsa ziŵalo zamkati. Ndiponso, chiukiriro sichidalira pa kusungika kwa thupi lakale.

4 Kodi amoyo angapindule motani? Fumbi la miyala limene munthu amapuma mumgodi limasiya zipsera m'mapapu, nthenda yotchedwa silicosis. Zizindikiro zake zimafanana ndi za chifuwa chachikulu, ndipo ambiri amadwala zonse ziŵiri. Silicosis sipatsirana, pamene chifuwa chachikulu chimapatsirana. Chotero kupimako kungasonyeze ngati mkazi ndi ana afunikira kupita kuchipatala mwamsanga. Kungathetsenso mphekesera zakuti wakufayo analodzedwa, zimene zadanitsa abale ambiri pamaliro.

5 Palinso nkhani ya chipukutamisozi. Mwachitsanzo, ku South Africa lamulo la 1973 limalola kuti mtima ndi mapapu a wogwira ntchito mumgodi zipimidwe ku Johannesburg ngati abale avomera, ndipo banja lingalipidwe nthenda ya fumbi ikapezeka. Ku Zimbabwe, bungwe la NSSA ndilo limasamalira malipiro a matenda a pantchito. Mtembo ukaikidwa m'manda, umboni wotero umavuta kuupeza.

6 Motero, banja lingafunse dokotala kuti: Kodi mufuna kupeza chiyani? Kodi mudzatsegula thupi lonse kapena chifuwa chokha? Kodi maliro adzachedwa masiku angati, ndipo adzalipira ndani? Akamva mayankho, mkazi wamasiye ndi ana angasankhe ndi chikumbumtima choyera, ndipo ena sayenera kuwaweruza kaya avomera kapena akana.

1, 2. Kodi ndi liti pamene banja silingakane kupima mtembo?
3. Kodi nkhani ya Yakobo imasonyezanji?
4, 5. Kodi amoyo angapindule m'njira ziti?
6. Kodi banja lingafunse mafunso otani?