Phunziro 14: Maluwa Ofanana a Kumapiri

Kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumamera zomera zambiri za banja la mpendadzuwa. Maluwa ake amafanana. Koma zina ndi ndiwo, zina ndi poizoni. Tiyeni tiphunzire kuzisiyanitsa.

1. Chisoso

Tsinde la chisoso lili ndi mbali zinayi. Masamba amamera awiriawiri moyang'anana. Tsamba limagawika patatu kapena pasanu. Duwa ndi lachikasu pakati, loyera m'mbali. Njere zake ndi zakuda ndipo zimamata pa zovala. Palinso chisoso cha maluwa achikasu okhaokha. Nachonso masamba ake ndi awiriawiri, ogawika. Chisoso ndi ndiwo.

2. Mwamunaaligone

Masamba ake amameranso awiriawiri, koma sagawika. Ndi ofewa, a timano m'mbali. Duwa ndi laling'ono, losaposa njere ya chimanga. Pakati ndi pachikasu, m'mbali muli timasamba toyera tisanu. Mwamunaaligone ndi ndiwo.

3. Senesiyo

Akatswiri a zomera amamutcha Senecio latifolius. Amamera m'maudzu a kumapiri. Maluwa ake ndi achikasu okhaokha, ambiri pamwamba pa tsinde. Masamba amamera limodzilimodzi, ili mbali iyi, linalo mbali ina. Ndi olimba, osalala, ndipo amakumbatira tsinde. Njere zili ndi ubweya woyera ndipo zimauluka ndi mphepo.

Senesiyo si ndiwo. Ali ndi poizoni wowononga chiwindi cha ng'ombe ndi cha munthu. Tchire likapsa, iye amaphuka msanga msipu usanamere. Ng'ombe zanjala zimamudya. Matenda saoneka tsiku lomwelo. Ng'ombe imawonda pang'onopang'ono mpaka kufa. Kuphika kapena kufutsa sikuthetsa poizoniyu.

Tikumbukire

Tisakhulupirire duwa lokha. Tiyang'ane masamba, tsinde ndi njere. Chomera chimene sitichidziwa tisachiike mumphika. Ana akapita kukathyola ndiwo, wamkulu aone zimene abweretsa. Abusa asadyetse ziweto pa lupsa pamene paphuka senesiyo.

Tiwerenge

tsinde, tsamba, duwa, njere, chiwindi, lupsa

Tiyankhe

1. Kodi tsamba la chisoso limasiyana bwanji ndi la mwamunaaligone?
2. Kodi masamba a senesiyo amamera bwanji pa tsinde?
3. Chifukwa chiyani ng'ombe zimadya senesiyo tchire likapsa?

Ntchito

Mawa aliyense abweretse chisoso ndi mwamunaaligone, masamba ndi maluwa omwe. Tidzaziika pamphasa, tidzazifanizira, kenaka tidzalemba mayina ake pa bolodi.