ULENDO WA KU KHONDOWE: KODI MAPIRI ATHU ANADZA BWANJI?

Anzanga, ndapemphedwa kuti ndilembe za ulendo umene ife a Fomu 3 tinayenda ndi aphunzitsi athu a Jogalafe, kucokera kuno ku Nkhata Bay kufikira ku Khondowe. Za nyimbo za m'basi ndi za kamba amene tinadya sindidzanena, pakuti izo munazimva kale. Ndifuna kufotokoza cinthu cimodzi cokha cimene ndinacimvetsa m'njiramo, ndico cakuti nyanja yathu ndi mapiri athu zinabadwa pamodzi, ndipo nchito imene inazibala siinathe.

Tiyambe ndi nyanja. Inu nonse amene mumasambira pa miyala ya kuno mudziwa kuti munthu akapalasa pang'ono basi, phazi silipezanso pansi, pamene ku Salima ayenda kutali madzi akali m'ciuno. Pamwamba pa nyanjayi pali pa mamita pafupifupi 470 kucokera pa nyanja ya mcere. Koma kumpoto kwathu kuno kuli malo akuya mamita 700. Cotsani nambala yaing'onoyo ku yaikuluyo, ndipo mudzaona kuti pansi pa nyanja yathu ndi potsika mamita oposa 200 kunsi kwa madzi a Indian Ocean. Mtsinje sungakumbe dzenje lakuya kuposa nyanja imene utsirako madzi ace. Cotero dzenjeli silinakumbidwe ndi madzi ai. Dziko linakokedwa mbali ziwiri, ling'ambika, ndipo cigawo ca pakati cinatitimira. Mng'aluwu ndi waukulu, wocokera ku Red Sea kudzera ku Ethiopia ndi Tanzania mpaka ku Mozambique, ndipo m'mabuku athu uchedwa Great Rift Valley.

Aphunzitsi anatisonyeza izi ndi mabuku atatu oimika pamodzi. Atalekanitsa awiri a m'mbali, la pakati linatsetsereka, koma linapendekeka, mbali imodzi kutsika kwambiri kuposa inzace. Anati, "Ana inu, kuno kwathu mbali yotsika kwambiri ndi ya kumadzulo, ndico cifukwa cace ca ku Usisya ndi ku Ruarwe phiri ligwera m'madzi cimodzimodzi khoma." Anatiuzanso kuti ku Karonga zinthu zinatembenuka: kumeneko gombe ndi losalala, ndipo khoma liri tsidya lija, ndilo mapiri a Livingstone a ku Tanzania.

Kucokera kuno kufika ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, koma msewu ukwera mamita oposa 700. Tinanyamuka titabvala malaya okha, koma tisanafike ku Mzuzu aliyense anali kufunafuna juzi. Mpweya ukamakwera uzizira, ndipo ukazizira sungathe kusunga cinyontho cace. Mphepo zocokera kunyanja zikagunda mapiri a Viphya zikwera, ndi kutaya mvula pa citunda cathu cino. Ndico cifukwa cace tiyi wa ku Kawalazi ndi mitengo ya mphira ya ku Vizara zikondwa m'boma lathu. Titapitirira Ekwendeni ndi kulowa m'cigwa ca Henga, m'mene muyenda mtsinje wa South Rukuru, dziko linaoneka louma ndi mitengo yaifupi, pakuti mphepo ifika kumeneko itasiya kale madzi ace ambiri kwathu. Ena mwa ife amene kwao ndi ku Rumphi anayamba kutinena kuti timawabera mvula.

Malo amene ndinawakonda koposa ndi citunda ca Chiweta. Apa msewu utsika mokhotakhota kubwerera kunyanja, ndipo okonza msewu anasema phiri, nasiya miyala poyera monga masamba a buku. Miyala ya kwathu kuno ndi yolimba ndi ya mizeremizere yopindika, ndipo akatswiri ati ya mtundu umenewu iri ndi zaka zoposa mamiliyoni 1,000. Koma ya pa Chiweta iri yosanjikizana, ina yofiirira, ina yotuwa, ndipo mukaipala ndi msomali ituluka mcenga. Iyi inali mcenga ndi matope a m'mitsinje ndi m'madambo a kale lomwe, zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo, nyanja yathu isanaoneke ndi pang'ono pomwe. Mitengo ndi zomera za m'madambo amenewo zinakwiririka, zinapsinjika, ndi kusanduka malasha. Ndiwo malasha amene anthu akhala akukumba pa Mchenga ndi ku Kaziwiziwi. Mnzanga wina anatola kacidutswa kakuda m'mbali mwa msewu, ndipo ciri pa shelefu m'kalasi mwathu. Amene afuna angadzaone, koma asacotsepo.

Taganizani tsono. Matope a m'dambo agona mosalala pamalo otsika. Nanga bwanji lero tiwapeza pamwamba pa phiri la Chombe, limene mutu wace uli wathyathyathya ngati tebulo? Yankho ndi lomwe lija la mabuku atatu: pamene cigawo cimodzi cinatitimira, cinzace cinatsala m'mwamba, ndipo mwina cinakwezedwanso.

Patsinde pa citundaco tinaona akasupe otentha. Madzi ace ndi otentha ndithu, osati ofunda cabe, ndipo anunkha ngati dzira loola. Mvula ilowa m'ming'alu ya miyala ndi kutsikira pansi penipeni pamene pali potentha, ndipo ibwerera msanga potsata mng'alu waukulu isanazizire. Ku Nkhotakota kulinso akasupe otere. Kumene kuli akasupe otentha m'dziko muno, kawirikawiri mng'alu uli pafupi.

Pa Chitimba tinaima pang'ono kuyang'ana nyanja. Malowa kale anali kuchedwa Florence Bay, ndipo pafupi ndi pano sitima ya Vipya inamira pa namondwe pa 30 July 1946, nafa anthu 145. Tinakhala cete kanthawi, pakuti ena mwa ife tinamva nkhaniyi kwa agogo athu.

Basi yathu siikanatha kukwera msewu wa Gorodi, cotero tinagawikana m'magalimoto ang'onoang'ono otsegula kumbuyo. Msewuwu unakonzedwa ndi a Mishoni ca m'ma 1905, ndipo tinawerenga makhota akuthwa 20. Ndinena zoona, sindinayang'ane kuphompho kawirikawiri. Dr Robert Laws ndi anzace anayamba Mishoni ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe, m'boma lathu lino, mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe kuthawa malungo a kunyanja. Tinganene kuti mng'alu womwewo umene unawapatsa nyanja yoyendapo sitima unawapatsanso phiri lothawirako.

Tisanafike pa Mishoni tinapatukira ku mathithi a Manchewe, amene agwa mamita pafupifupi 125. Mtsinjewo ndi waung'ono, woti mwana angaoloke, koma pofika m'mphepete mwa thanthwe upeza kuti dziko palibe, nugwa. Kuseri kwa madzi kuli phanga m'mene anthu a kumeneko anali kubisala m'masiku a nkhondo ndi ukapolo. Tinalowamo asanuasanu, pogwirana manja cifukwa ca kuterera.

Tsono ndibwere ku mau anga oyamba, akuti nchitoyi siinathe. Mbali ziwiri za nyanja zikali kutalikirana, mamilimita owerengeka pa caka, pang'onopang'ono kuposa m'mene cikhadabo cikulira. Koma miyala siitsetsereka bwinobwino tsiku ndi tsiku. Igwirana zaka zambiri, ndipo tsiku lina ilumpha kamodzi. Kulumphako ndico cibvomezi. Mu March 1989 cibvomezi cinagwetsa nyumba ku Salima ndi kupha anthu. Mu December 2009 zibvomezi zotsatizana zinagwedeza Karonga, nyumba zikwizikwi zinaonongeka, ndipo anthu anagona panja masabata ambiri m'nyengo ya mvula. Nyumba zimene zinagwa msanga zinali za njerwa zomangidwa ndi dothi, zopanda lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa mazenera.

Pobwerera, pokwera Chiweta dzuwa liri kupendeka, aphunzitsi anatilozera mabala ofiira pa mapiri, pamene dothi linagumuka. Ena anali m'nkhalango, pakuti phiri lotsetsereka cotero ligumuka ngakhale munthu asalikhudze. Koma ambiri anali kunsi kwa minda yatsopano ndi pamene anthu anaocha makala. Mnyamata wina anafunsa ngati ameneyo ndiye Napolo amene amamuchula anthu a ku Zomba ndi ku Phalombe. Aphunzitsi anayankha kuti dzinalo angalisunge, koma ayambe wawerenga zitsa za mitengo zimene ziri pamwamba pa bala lirilonse. Tinawerenga mpaka mdima unatiletsa.